Nyali ya Kumanzere ya Otilia

"Chotsani chinthu chanucho mu uvuni mwanga!"

Mawu a mchemwali wanga Catrina ndinawamvera kumsewu, ndisanatsegule n'komwe kageti. Fungo la pulasitiki wopserera nalo linandichingamira pomwepo. Nditalowa m'khitchini ndinapeza alamu anga a Ilarie atagwada pakhomo pa uvuni, manja atakulunga m'thaulo, akusolola nyali yakutsogolo ya galimoto ya mwana wawo. Galasi lake linali litafota ngati tsamba la kabichi lowiritsa.

"Mphindi khumi zokha," anatero a Ilarie, osayang'ana munthu. "Mnyamata wa pakanema wa pafoni uja anati mphindi khumi, guluu amafewa, nyali n'kutseguka."

"Ndiye yatseguka?" anafunsa Catrina, manja ali m'chiuno. "Gligor, bwera udzaone alamu ako. Anthu akuphika makeke a Khirisimasi, ife tikuphika galimoto. Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo!"

"Mayi a Otilia, zaka makumi anayi ndakhala ndikukonza magetsi a magalimoto. Mathirakitala onse a m'mudzi muno amawala ndi manja angawa."

"Amawala kale! Izi si za nthawi yanu, bambo. Mwana anakuuzani kuti musakhudze."

Ine ndinayesa kuponyapo nthabwala, ndinati mwina nyaliyo ikufuna mchere. Palibe anaseka. Ndimadziwika kuti ndine wapakamwa, ndipo nkhani ino ikufika pamene pakamwa pangapo panatifikitsa.

Otilia analowa tili chomwecho. Ndi mwana womaliza wa Catrina, ndipo ndi yekhayo amene anatsala pakhomo. Azichimwene ake awiri anapita ku Spain kalekale, amangoonekera pafoni. Tsikulo linali Loweruka, anali atagona masana chifukwa cha kutopa kwa sabata yonse. Anayang'ana nyaliyo patebulo, anaikhudza ndi chala, n'kukhala pansi.

"Adadi, mwachita chiyani?"

"Ndimafuna ndione chafa m'katimo, mwanangu. Mwina ndi kawaya chabe."

"Ndinapeza munthu kutauni ya Craiova amene amadula nyali zimenezi ndi makina n'kukonza m'kati. Anandiuza mtengo wa malei mazana asanu ndi anayi. Ndimati ndipite nayo Lolemba." Anayankhula motsitsa, ndipo kutsitsako kunawawa kuposa kukuwa kwa mayi ake. "Tsopano akakonza chiyani?"

A Ilarie anaika thaulo lija patebulo.

"Mverani, ndinene kamodzi," anapitiriza Otilia. "Pepala loyezetsa galimoto likutha pa 20 Disembala. Ndi nyali imodzi sangandipatse lina. Apolisi a pamphambano andiimitsa kale kawiri, akuti kachitatu achotsa nambala. Basi ya kufakitale inasiya kufika kuno chaka chatha, mukudziwa. Ndikajomba masiku atatu, abwana alemba wina. Pakhomo pa fakitale pamakhala mzere wa anthu."

"Mulungu atithandiza," anatero Catrina.

"Mnzanga Mioara wandiimbiranso kuchokera ku Italy. Akuti pali gogo wina akufuna womusamalira kuyambira Januwale. Ntchito ikatha kuno, ndikupita."

"Usanene zimenezo m'nyumba muno!" anakuwa Catrina. "Awiri andithawa, nawenso? Ndidzafa ndani ali pambali panga, foni?"

"Nanga tidzadya chiyani, amayi? Penshoni ya adadi imathera ku nkhuni ndi mankhwala."

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti kufakitale kwa Otilia amaluka mawaya a magalimoto omwewa. Mwana amadzuka folo koloko m'mawa, kuyenda makilomita pafupifupi makumi anayi mumdima ndi chisanu, kukapanga mitsempha ya magalimoto amene nyali yake imodzi sangaikwanitse.

Lolemba a Ilarie anabwezera nyali yofotayo pamalo pake kuti pasakhale chibowo, ndipo Otilia anapitiriza kuyenda ndi diso limodzi. Catrina ankaima pazenera m'mawa uliwonse, akudzilemba mtanda mpaka kuwala kwa galimoto kutazimirira kuseri kwa tchalitchi. Ine ndi alamu tinakwera kagalimoto kanga kakale, kamene babu lake ndimagula pa mtengo wa paketi ya fodya, kupita kusitolo ya zipangizo ku Craiova.

Kumeneko tinapeza mnyamata wa shati yoyera, zala zake zosadziwa girisi. Anagogoda pakompyuta n'kutembenuzira galasi kwa ife.

"Malei 6,800, agogo. Kuika ndi kuilumikiza ku kompyuta ya galimoto n'kwapadera."

"Mwana wanga, sindikugula galimoto," anatero a Ilarie. "Ndikufuna chimene chimayaka m'katimo. Babu."

"Mulibe babu, agogo. Ndi timagetsi ta LED, tinamatidwa limodzi ndi chigoba chake. Kamodzi kakafa, mumasintha yonse."

"Ndiye iwe dzino likakuwawa, amakudula mutu?"

Mnyamatayo anamwetulira mwaulemu. "Si ine ndinapanga, agogo."

"Ndikudziwa kuti si iwe. Amene anapanga sitidzamuona. Wakhala kwinakwake kofunda, anaganiza bwinobwino kuti kanthu ka malei makumi awiri akatsekere m'bokosi la malipiro a miyezi iwiri, munthu wosauka asalowetsemo chala. Kale wopanga chinthu ankasiya khomo loti wokonza alowerepo. Awa amamata dala."

Anthu m'sitolomo anayamba kutiyang'ana, ndipo ndinawakoka mkono. Tili panja anayatsa fodya. Ndinawamvera chisoni, chifukwa munthu uyu moyo wake wonse sanabwezepo galimoto yosakonzeka. M'pamene ndinatulutsa nzeru yanga.

"Alamu, nanga kumsika wa zitsulo wa Lamlungu? Kumapezeka chilichonse."

"Za kumeneko sindizikhulupirira. Zimachokera kuti?"

"Ku magalimoto a ngozi, kwinanso kuti? Inu mukufuna mbiri ya nyali kapena mukufuna mwana akhale pakhomo?"

Sanakane, ndipo ine ndinatenga zimenezo ngati kuvomera.

Kuti mumvetse zotsatirazi, muyenera kudziwa za a Pandele. Iwo ndi akazi awo a Aurica ndiwo ankhoswe a ukwati wa Catrina ndi a Ilarie, ndiwonso anamunyamula Otilia pa ubatizo. Kwathu kuno anthu otere ndi makolo achiwiri. Chaka chilichonse, nkhumba ikaphedwa pa tsiku la Ignat, pa 20 Disembala, banja limanyamula dengu la nyama yabwino, lovundikira ndi nsalu yopeta, kukapereka kwa ankhoswe. Zaka zitatu zapitazo mwana wa a Pandele, akali ndi ntchito ku Germany, anabweretsa magalimoto awiri akale ofanana ngati mapasa. Imodzi anapatsa bambo ake, inayo anagulitsa kwa Otilia motchipa. Sabata yomweyo a Ilarie anazokota nambala pa nyali zonse zinayi, poti mbava za nyali zinali zitayamba kumveka m'tauni.

Lamlungu tinapita kumsika. Kunali matope ndi utsi wa soseji zowotcha, zitseko za magalimoto zitayedzamira mipanda, mainjini atayalidwa pamatenti. Tinazungulira mpaka miyendo kuwawa. Kumapeto kwa mzere tinapeza bambo wina wonenepa wa jekete lachikopa, dzina lake Relu, atayala nyali pabulangeti kuseri kwa vani yake.

"Ya kumanzere? Ya mtundu umenewo ndi yosowa, madala," anatero atamva chaka cha galimoto. "Lero ndilibe. Koma mundipatse sabata ndi theka, ipezeka. Malei 1,900, theka lero."

"Ipezeka kuti?" anafunsa a Ilarie.

"Ndili ndi anyamata ku Germany amene amaphwasula za ngozi. Mukufuna satifiketi ya ubatizo wake?"

Ine ndinaseka kwambiri, kufuna kuti munthuyo atikonde atitsitsire mtengo. Anatithirira kachasu wa zipatso za maplamu m'timakapu ta pulasitiki, pakamwa panga n'kumasuka.

"Yosowa bwanji, achimwene?" ndinatero. "M'mudzi mwathu mokha zilimo ziwiri. Inayo ndi ya ankhoswe awo a alamuwa, yosamalika ngati mkwatibwi. Imangotuluka Lachiwiri ndi Lachisanu, kuperekeza akazi awo kuchipatala chachikulu kuno. Mdalayo ndi woumira, safuna kulipira poimika magalimoto, amakaisiya kamsewu ka kuseri kwa chipatala tsiku lonse."

"Ee? Yamtundu wanji?" anafunsa Relu, akuthiranso kachasu.

"Yotuwa, ngati yathu yomwe."

Tinatsitsa mtengo ndi malei zana limodzi, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikudzitama.

Ndalama ya chikole inali ya nkhuni za Januwale. Yotsalayo inayenera kuchokera m'khola, ndipo nkhondo yake inali yoopsa.

"Nkhumba yanga ayi!" anatero Catrina, ataima pakhomo pa khola ndi ndowa m'manja. "Ndailera kuyambira Malichi. Khirisimasi tidzadya chiyani, nyali?"

"Tidzadya nyemba, mayi. Sitinafepo ndi nyemba."

"Nanga kwa ankhoswe tidzapita ndi chiyani? Zaka makumi atatu ndi zisanu sitinaphonyepo. A Aurica akudwala chonchi, ife tifike manja lendelende? Mudzi wonse udzatiseka."

"A Pandele ndi munthu womva zinthu. Ndiwafotokozera."

"Mufotokoza kuti munaphika nyali mu uvuni?"

"Catrina!" A Ilarie samutchula dzina mkazi wawo pokhapokha zafika pakhosi. "Ndalakwa, ndavomera. Madzi akatayika saoleka. Tsopano sankha wekha, nkhumba kapena mwana."

Catrina anaika ndowa pansi n'kulowa m'nyumba. Mawa lake wogula nyama wa m'mudzi woyandikana nawo anabwera ndi ngolo, ndipo mchemwali wanga sanatuluke kudzaona nkhumba ikukwezedwa.

Lachisanu la sabata imeneyo, dzuwa litapendeka, ndinali pabwalo pa alamu tikuwaza nkhuni pamene galimoto ya a Pandele inadutsa pang'onopang'ono ngati ya maliro. Kutsogolo kwake kunali mabowo awiri akuda, mawaya akulendewera. Tinataya nkhwangwa n'kuthamangira kwawo.

A Pandele anali akuthandiza akazi awo kutsika. A Aurica anali atafooka ndi mankhwala a tsikulo, mpango utaphimba mutu umene tsitsi linathothoka. Titawalowetsa m'nyumba, mdalayo anatuluka n'kuima patsogolo pa galimoto yake, chipewa chili m'manja.

"Masana, Ilarie mwana wanga. Dzuwa likuswa mtengo, anthu akudutsa. Mayi wina wogulitsa maluwa akuti anali anyamata awiri, sanathe ngakhale mphindi zitatu. Ndathamanga kuti mdima usatipeze panjira."

"Mwapita kupolisi, ankhoswe?"

"Alemba. Akuti sabata ino ndine wachisanu ndi chimodzi." Anapukuta m'maso ndi chipewa. "Ndafunsa mtengo wa ziwiri. Ngakhale nditagulitsa munda wa mphesa sizikwana. Mwana wanga ntchito inamuthera, nayenso akuvutika kumeneko. Lachiwiri amayi ako akufunika kuchipatala seveni koloko m'mawa. Tizinyamuka bwanji mumdima? M'basi amasanza, ndipo dokotala analetsa kukhala m'gulu la anthu."

"Gligor akuperekezani Lachiwiri," anatero a Ilarie. Kenaka anagwira mawaya odukawo, nkhope itachita mdima. "Anthu awa ndi afiti. Koma wakuba weniweni ndi amene amagula. Pakanapanda ogula, bwenzi ana amenewa akuba za chiyani?"

Atangotero anadzidzimuka, ngati munthu amene waluma mwala mu mpunga. Anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Ndinali nditayamba kale kukayika kuyambira pamene ndinaona mabowo aja, koma ndinadziuza kuti magalimoto otuwa ndi ambiri m'dziko muno, ndipo nyali yathu ikuchokera ku Germany.

Lachiwiri ndinawatenga a Pandele ndi akazi awo pa kagalimoto kanga. Chotenthetsera chake chinafa kalekale, ndipo a Aurica ananjenjemera njira yonse ngakhale tinawafunditsa mabulangeti awiri. Pobwerera anayamba kutsokomola. Anandithokoza katatu, ndipo kuthokoza kulikonse kunkandilasa.

Tsiku lomwelo Relu anaimba foni. Katundu wafika.

Tinakatenga Lachitatu pa 18, pamalo omwetsera mafuta kunja kwa tauni. Sanatsike n'komwe m'vani. Anatipatsira pawindo katoni yokulunga ndi tepi, anawerenga ndalama ya nkhumba, n'kuliza injini. Titafika kunyumba Otilia anali atangobwera kuntchito, ndipo kwa nthawi yoyamba m'masabata awiri ndinamuona akuseka.

"Amalume, mwagwira ntchito! Ndapangana nawo oyeza magalimoto Lachisanu m'mawa."

Catrina anachotsa mbale patebulo, ndipo a Ilarie anadula tepi. Nyaliyo inali yoyera, yopanda mng'alu. Anavala magalasi awo n'kuyendetsa chala m'mphepete mwa galasi. Pakona yapansi panali kamalo kosalala kuposa pena ponse, pooneka kuti pakhulidwa ndi sandipepa n'kupukutidwa.

"Pamenepa panali nambala," anatero.

"Ku Germany nakonso amazokota, alamu," ndinafulumira kunena.

A Ilarie anasendeza katoni pambali. Anatenga sikuludiraiva, anatembenuza nyaliyo chafufumimba, n'kumasula kachitsulo kogwirizira kumunsi kwake. A Ilarie ali ndi chizolowezi chimene anachitenga ku mathirakitala a boma, kumene zipangizo zinkayenda ndi miyendo. Akazokota nambala poonekera, amazokotanso pobisika, n'kuwonjezera zilembo za dzina lawo. Kachitsuloko katachoka, anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anakankhira nyaliyo pakati pa tebulo, pansi pa getsi.

Panali nambala ya galimoto ya a Pandele, ndi zilembo ziwiri, I.D., zolembedwa ndi dzanja limene tonse timalidziwa.

Otilia anawerenga nambalayo, milomo ikuyenda popanda mawu.

"Anadziwa bwanji koipeza?" anafunsa.

Ndikanatha kukhala chete. Alamu sakanandiulula, si khalidwe lawo. Koma chifuwa cha a Aurica chinali chikulirabe m'makutu mwanga, ndipo ndinanena zonse, za kachasu, za Lachiwiri ndi Lachisanu, za kamsewu ka kuseri kwa chipatala.

Catrina anandimenya ndi thaulo kumaso, ngati tili ana. "Chitsiru! Amayi ankakuuza, ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Taona pamene watifikitsa!"

"Musiye," anatero a Ilarie. "Iye anayankhula, koma ndalama ndinapereka ndine. Ndinafunsa kuti ichokera kuti, ndinamva bodza, ndinalilandira chifukwa ndinkalifuna."

Anaimba nambala ya Relu. Foni inali yozimitsa, ndipo sinayakenso mpaka lero.

Catrina anakhala pampando, anapuma mozama, kenaka anayamba kuyankhula ndi mawu ena, otsika, othamanga. "Tamverani. Ndani akudziwa? Ife anayi. Kachitsuloko mukabwezera, ndani adzaone? Ife sitinabe. Talipira, nkhumba yanga yapita. A Pandele ngakhale titawapatsa, ndi imodzi yokha, galimoto yawo siyendabe. Tiluze tonse chifukwa chiyani?"

"Mayi a Otilia, ukudzimva zimene ukunena?"

"Ndikudzimva! Ndine mayi. Gligor aziwaperekeza, ndiye chilango chake. Ikafika Epulo kunja kuziyera msanga, aziyenda masana. Koma mwana wanga akakwera basi ya ku Italy sabweranso. Anapita a Mioara, anabwera? Anapita ana anga awiri, abwera? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, bambo."

"Ndiye Lamlungu ndikaime m'tchalitchi pambali pa a Pandele, galimoto ili panja ikuwala ndi diso lawo? Anthu amene anagwira makandulo pa ukwati wathu?"

"Manyazi sadyetsa munthu! Mbewa ya manyazi inafera kuuna."

"Awa si manyazi, Catrina. Mayi uja akufa."

"Nanenso ndifa, mwana akapita!"

Analira mokweza, nkhope ili m'thaulo lomwe anandimenya nalo. Sindingamuweruze mchemwali wanga. Mawu amene ananenawo nanenso anali mumtima mwanga, kungoti ndinalibenso ufulu wotsegula pakamwa. A Ilarie anavula magalasi n'kutembenukira kwa mwana wawo.

"Otilia, galimoto ndi yako, ntchito ndi yako. Nyali yako ndinaononga ndine. Ukati ndiike, ndiika, tchimolo likhale langa. Nena."

Otilia anasendera patebulo. Anatenga nyaliyo n'kuiika pamiyendo, akusisita zilembo za bambo ake ndi chala chachikulu.

"Amalume, Lachiwiri a Aurica anali bwanji?"

"Anazizidwa," ndinatero. "Akutsokomola."

"Atsala ndi maulendo angati?"

"A Pandele akuti mpaka kumapeto kwa Febuluwale."

Anagwedeza mutu. "Adadi, ya kumanja ya galimoto yanga ingalowe pa yawo?"

"Ndi mapasa. Ilowa."

"Ndiye mawa m'mawa muichotse."

"Otilia!" Catrina anaimirira. "Wapenga? Imeneyo ndi yako, sinabedwe!"

"Amayi, mwanena nokha kuti ndi imodzi galimoto yawo siyenda. Yanganso ndi imodzi siyenda. Pali nyali ziwiri ndi magalimoto awiri, ndiye galimoto imodzi yokha ndiyo ituluke pageti. Ine ndikapanda kupita kufakitale, aika wina pampando wanga tsiku lomwelo. A Aurica akapanda kupita kuchipatala, tikaika maluwa pamanda."

"Nanga ine? Ine sukundiganizira?"

"Ndikukuganizirani, amayi. Koma m'mawa uliwonse ndikayatsa nyali imeneyi ndizidzaona nkhope yawo pamsewu. Sindingathe." Anaimirira. "Dengu lija lili kuti? Ndi nsalu yake."

Lachinayi Otilia sanapite kuntchito. Anaimbira abwana ake, ndipo kukambiranako sikunathe mphindi ziwiri. A Ilarie anamasula nyali ya kumanja mosamala, bawuti iliyonse akuiika m'thumba la malaya. Lachisanu linali tsiku la Ignat, komanso tsiku la chipatala, choncho tinayenera kupita Lachinayi lomwelo masana. M'makomo ena anali atayamba kale kunola mipeni ndi kuunjika udzu wowaulira nkhumba.

Tinayenda pamsewu waukulu wa m'mudzi, Otilia patsogolo ndi dengu lovundikira nsalu yopeta, bambo ake ndi bokosi la zipangizo, ine kumbuyo ngati galu wakuba mazira. Catrina anati sabwera. Titafika pa tchalitchi tinamva mapazi, ndipo anali iye, atavala mpango wake wa Lamlungu, maso ali psuu.

A Pandele anatilandira pakhonde modabwa. "Mwafulumira chaka chino, ana anga. Ndimamva kuti nkhumba munagulitsa."

Otilia anawapsompsona dzanja monga mwa mwambo, n'kuika dengu patebulo. Mdalayo anavundukula nsalu. Anayang'ana nyali ziwirizo, anayang'ana ife. A Ilarie anatembenuza ya kumanzere n'kuwaonetsa nambala, ndipo anafotokoza zonse ataimirira, chipewa chili m'manja. Pofika pa mbali yanga ndinawadula mawu n'kunena ndekha.

A Pandele anandiyang'ana. Ndinkayembekeza kuti anditukwana, ndipo zikanandipepukira.

"Gligor, iwe ndidzayankhula nawe tsiku lina," anatero. Kenaka analoza nyali ya kumanja. "Iyi si yanga. Yanga inali ndi kachipsera apa. Iyi ndi ya mwanayu."

"Ndi mphatso ya chaka chino, ankhoswe," anatero Otilia.

"Sindingalandire. Ndikudziwa chimene ikutanthauza kwa iwe."

"Dengu la Ignat silibwezedwa. Munandiphunzitsa ndinu ndili mwana."

Chitseko cha kuchipinda chinali chotsegula, ndipo a Aurica anali atamva zonse ali pabedi. Anamuitana Otilia ndi mawu ofooka. Zimene anakambirana m'menemo sindikuzidziwa. Ndinangoona Catrina akulowa pambuyo pake, ndipo patapita kanthawi ndinamva amayi atatu akulira pamodzi.

A Ilarie anagwira ntchito pabwalo mpaka dzuwa kulowa, ine ndikuwapatsira zipangizo. Atalumikiza waya womaliza anauza a Pandele kuti ayatse. Nyali zonse ziwiri zinawala pakhoma la nkhokwe, zoyera ngati masana. Alamu anaziwongola kuti zilunjike bwino, anapukuta manja, n'kutseka bokosi lawo. Palibe anaomba m'manja.

Otilia ananyamuka pa 3 Januwale. Minibasi ya ku Italy imaima pa sitolo ya m'mudzi Lachisanu lililonse, ndipo tsikulo inatenga anthu anayi a kwathu. Catrina anamulongedzera botolo la kabichi wowawasa ndi buledi wotsekemera, amene anaphika mu uvuni womwe uja atautsuka katatu. Pamene dalaivala ankamanga zikwama, galimoto ya a Pandele inatulukira pakona, ikupita kuchipatala, kunja kukali mbuu. Inachepetsa liwiro, ndipo mdalayo anaphethiritsa nyali kawiri. Otilia anakweza dzanja, n'kukwera minibasi osacheukanso.

Galimoto yake ikadali pabwalo pa alamu, pansi pa mtengo wa mtedza. A Ilarie anachotsanso nyali yofota ija, n'kutseka mabowo onse awiri ndi makatoni kuti mpheta zisamangemo zisa. Lamlungu lililonse amailiza injini kuti batire lisafe. Catrina amadzukabe folo koloko m'mawa. Ndikamadutsa kupita kukagula buledi ndimamuona ataima pazenera lomwe lija, akuyang'ana kumsewu wa kutchalitchi.